Mjigo, thanki kapena mpope wa khonsolo: madzi a pakhomo mu Johannesburg

Mipope ikauma masiku atatu ku Rosettenville kapena ku Cosmo City, nkhani imene imadzaza m'magulu athu a WhatsApp ndi ya mjigo. Wina amati abwana ake ku Bryanston anakumba kalekale, sadziwanso ngati madzi asiya kapena ayi. Wina amadandaula kuti landilodi akufuna kukweza lendi kuti apeze ndalama zokumbira. Wina amene anagula kanyumba kake ku Roodepoort amafunsa nambala ya okumba. Kwa ife ochokera ku Malawi maganizo amenewa amabwera msanga, chifukwa tinakulira pa mjigo. Tinazolowera kuti makina akabwera n'kuboola, mudzi wonse umamwa zaka ndi zaka.

Koma pansi pa Johannesburg si pansi pa Dowa kapena Mchinji. Pansi pano pali migodi yakale yodzaza madzi oipa, mapaipi a suweji okalamba, njanji yodutsa pansi, ndi miyala ina imene imagumuka madzi akachepa. Ine ndimaona kuti kwa mabanja ambiri mjigo uyenera kubwera pomaliza, njira zina zotchipa zitayesedwa kale, ndipo amene wakumba azidziwa kuti akutunga madzi amene ndi a anansi akenso.

Chifukwa chimene mipope imaumira

Mzinda uno unabadwa chifukwa cha golide amene anapezeka mu 1886, sunamangidwe pa mtsinje waukulu kapena nyanja. Uli pamwamba, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pa chitunda cha Witwatersrand. Mvula yogwa kumpoto kwa chitundacho imatsikira ku mtsinje wa Jukskei mpaka ku Limpopo, yogwa kummwera imalowera ku Klip ndi ku Vaal. Madzi amathawa mzinda uno mbali zonse, ndiye onse amene timamwa amachita kukwezedwa ndi mapampu amagetsi. Anthu oyamba ankamwa m'akasupe ndi m'zitsime, kenako anatembenukira ku madzi a pansi a ku Zuurbekom, ndipo atachulukana anapita ku mtsinje wa Vaal. Rand Water inakhazikitsidwa mu 1903, damu la Vaal linatha mu 1938, ndipo lero timamwanso madzi ochokera kumapiri a Lesotho, ku madamu a Katse ndi Mohale. Damu lachitatu la Polihali linachedwa zaka zambiri kumangidwa, pomwe kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 4.8 miliyoni mu mzinda uno wokha.

Rand Water imayeretsa ndi kupopa, Johannesburg Water, kampani ya madzi ya khonsolo, imagawa m'makomo. Pa malita 100 alionse olowa m'mapaipi a mzindawu, oposa 40 sabweretsa ndalama, ndipo ambiri mwa amenewa amangotayika m'mapaipi obooka. Magetsi akavuta pa malo amodzi opopera, monga zinachitikira ku Eikenhof mu Malichi 2024, madera athunthu amakhala masiku ambiri osaona dontho, makamaka okhala pamtunda. Vuto lathu lenileni ndiye ndi lakuti madzi amadukizadukiza. Izi zikamveka, kusankha kumaphweka.

Kukhalabe pa mpope n'kumasunga

Madzi a khonsolo akamatuluka ndi amene ali otchipa komanso odalirika kumwa kuposa ena onse amene nditchule pano. Amathiridwa mankhwala ndipo amayezedwa potsata muyezo wa dziko lino wa madzi akumwa, SANS 241. Chosowa ndi pokusungira basi.

Tiyeni tiwerengere. Pa chilala cha ku Cape Town mu 2018 munthu aliyense ankaloledwa malita 50 patsiku, ndipo anthu anakhala, ngakhale movutikira. Banja la anthu asanu pa muyezo umenewu lifuna malita 250 patsiku. Thanki ya malita 1,000 ilisunga masiku anayi, ya malita 2,500 masiku khumi. Nthawi zambiri madzi amakhala atabwerera masiku amenewa asanathe. Mtengo wa thanki ya JoJo, kapampu kake ndi pulambala ndi kachigawo chabe ka mtengo wa mjigo, ndipo palibe zoti mwina mupeza madzi mwina ayi.

Pali zingapo zoti musaziphonye. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 2,500 yodzaza ndi matani awiri ndi theka. Imafuna konkire yosalala, osati njerwa zongosanja. Klorini amatha mphamvu madzi akakhalitsa, ndiye ndi bwino kulumikiza moti madzi a m'nyumba azidutsira mu thankiyo tsiku lililonse, asamangogona miyezi kudikira tsoka. Chivindikiro chizikhala chotseka kuti dzuwa, fumbi ndi udzudzu zisalowe. Pansi pake ikanipo kampope koti muzitungira ndi ndowa magetsi akazima. Ndipo pulambala aike valavu yoletsa madzi kubwerera m'paipi ya khonsolo.

Amene tili m'zipinda za kuseri sitingaike thanki pa malo a mwini. Zigubu za malita 20 kapena 25 zimagwira ntchito yomweyo: zinayi kapena zisanu zotseka bwino, zimene sizinasungepo mafuta kapena mankhwala, madzi ake n'kumasinthidwa sabata iliyonse.

Njira iyi ili ndi chilema chake. Thanki siwonjezera madzi mu mzinda, imangosuntha nthawi yotungira. Madzi akangobwerera aliyense wa kumunsi n'kuyamba kudzaza matanki nthawi imodzi, a pamtunda amadikirabe tsiku lina. Dzazani zinthu zili bwino, ndipo akabwerera muyambe ndi zofunika, thanki idzadzaza usiku.

Madzi a mvula

Johannesburg imalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 700 pachaka. Milimita imodzi ikagwa pa denga la mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi imapereka lita imodzi. Denga la mamita 10 mulitali ndi 5 mulifupi lingakolole malita pafupifupi 35,000 pachaka, ndipo ngakhale mutachotsapo otayika, otsala ndi ambiri ndithu. Vuto ndi nyengo. Mvula imagwa kuyambira Okutobala mpaka Malichi kapena Epulo, kawirikawiri yamabingu ya kanthawi kochepa imene imadzaza thanki yaing'ono msanga, yotsala n'kusefukira. Kuyambira Meyi mpaka Sepitembala kumwamba kuli mbee. Thanki ya mvula sidzakuwolotsani chilimwe chonse pokhapokha ikhale yaikulu kwambiri.

Madzi ake ndi abwino kuchimbudzi, pochapa ndi kudimba, ndipo apa m'pamene pamathera madzi ambiri a pakhomo. Kumwa ndi nkhani ina. Pa malata pamakhala zitosi za nkhunda, utsi wa magalimoto, ndipo kufupi ndi milu ya dothi la migodi, monga ku Riverlea ndi mbali zina za Soweto, pamatera fumbi limene simungafune m'thupi mwa mwana. Madzi oyamba a mvula iliyonse azitayidwa kaye kuti atsuke denga, ndipo pakamwa pa thanki pakhale sefa. Osefukira musawalozere kumsewu. Alowetseni m'dothi la pakhomo, kutali pang'ono ndi maziko a nyumba, kuti atsike pansi. Kumadera a mwala wa dolomite okha musachite zimenezi, chifukwa chake chikubwera.

Mjigo

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene pamalowa ndalama zambiri komanso pamene cholakwa cha munthu mmodzi chimagwera anthu ambiri.

Funso loyamba ndi lakuti pansi pa nyumba yanu pali mwala wanji. Kumpoto, ku Randburg, Sandton, Fourways, Midrand, Diepsloot ndi Cosmo City, kuli thanthwe la granite. Mwala umenewu susunga madzi mkati mwake, madzi amakhala m'ming'alu ndi m'gawo lofumbutuka la pamwamba. N'chifukwa chake mnansi angapeze madzi ambiri inu n'kuboola mamita ochepa chabe kuchokera pa mpanda wake osapeza kanthu: iye anagunda mng'alu, inu mwauphonya. Wokumba amalipiritsa pa mita iliyonse imene waboola, madzi apezeke kapena asapezeke. Ndalama yolipira katswiri wa madzi a pansi kuti ayeze malo musanaitane makina si yotaya, ngakhale nayenso sangalumbire kuti madzi alipo.

Kummwera chakumadzulo, ku Lenasia ndi madera oyandikira, komanso ku Katlehong, Vosloorus ndi Centurion, kuli dolomite. Mwala uwu uli ndi madzi ochuluka zedi, ndipo ndi umene uli woopsa. Madzi amausungunula pang'onopang'ono kwa zaka zikwizikwi, n'kusiya mapanga pansi. Mapangawo akakhala odzaza, dothi la pamwamba limakhazikika. Madzi akatsitsidwa ndi mapampu, kapena ena akamalowerera pamalo amodzi kuchokera pamwamba, dothi limakokolokera m'phanga ndipo pansi pamatseguka mwadzidzidzi. Migodi ya kumadzulo, komwe agogo athu ambiri anagwirako ntchito pa Wenela, itapopa madzi a mu dolomite kuti ifikire golide, mu Disembala 1962 chigayo cha miyala cha mgodi wa West Driefontein chinamira ndi antchito 29. Mu Ogasiti 1964 ku Blyvooruitzicht nyumba inamezedwa usiku pamodzi ndi banja la anthu asanu. Council for Geoscience, bungwe la boma loona za miyala ndi nthaka, ili ndi mapu a madera a dolomite. Ngati muli pa mwala umenewu, ine ndikuti nkhani ya mjigo wa pakhomo muisiye, ngakhale wokumba atakulonjezani zotani.

Pakati pa mzinda, kuchokera ku Roodepoort kudutsa Booysens ndi City Deep mpaka ku Germiston ndi Boksburg, ndi mzere wa migodi yakale. Mwala wa golide uli ndi chitsulo chosakanikira ndi sulufule, ndipo ukakumana ndi mpweya ndi madzi umapanga asidi amene amasungunula chitsulo, manganese, ngakhale uranium. Migodi itatsekedwa mapampu anazima, madzi anayamba kukwera m'mapanga. Mu 2002 anatumphukira pamtunda kufupi ndi Krugersdorp. Ku chigawo chapakati cha migodiyi, mgodi wa ERPM unasiya kupopa mu 2008, ndipo boma linachita kumanga malo opopera ndi kuyeretsa ku Germiston, amene anayamba ntchito mu 2014, kuti madziwo asafike pamwamba. Sikuti mjigo uliwonse wa m'derali ndi woipa. Koma ambiri a ife timakhala m'mphepete mwa mzere womwewu, ku Turffontein, Rosettenville ndi Mayfair, ndipo kumwa madzi a pansi a kuno osawayeza ndi kuika moyo pachiswe.

Chachiwiri ndi lamulo. Pansi pa lamulo lakale la 1956 madzi a pansi ankatengedwa ngati a mwini malo. National Water Act ya 1998 inasintha zimenezo: madzi onse, a pamtunda ndi a pansi, ndi a mtundu wonse, boma limangowayang'anira. Gawo lake lotchedwa Schedule 1 limalola kutunga popanda layisensi ngati ndi za pakhomo, monga kumwa, kuphika, kuchapa ndi kuthirira kadimba kosagulitsa. Mukayamba kugulitsa madzi, kutsukira magalimoto a makasitomala kapena kulima zamalonda, mwatuluka m'gawo limeneli ndipo muyenera kukaonana ndi unduna wa madzi, Department of Water and Sanitation. Pamwamba pa izi, khonsolo ya Johannesburg imafuna kuti mupemphe chilolezo cholembedwa makina asanafike. Ambiri amachiona ngati chotayitsa nthawi. Mu Febuluwale 2025 okumba mjigo pa malo ena ku Killarney anaboola mpaka mu ngalande ya pansi ya sitima ya Gautrain, madzi ndi dothi n'kulowa, sitima pakati pa Park ndi Rosebank n'kuima. Pansi pa mzinda pali mapaipi, mawaya ndi njanji zimene inu ndi wokumba simungazione ndi maso.

Chachitatu ndi kuchuluka kwa madzi. Tsiku loboola, makina amapemerera mpweya m'dzenje ndipo madzi amathovokera m'mwamba, aliyense n'kuomba m'manja. Chiwerengero chimene wokumba amatchula pa nthawiyo sichinena zimene mjigo ungapereke mwezi ndi mwezi. Chofunika ndi kuyeza kwa pambuyo pake: kupopa maola ambiri mosalekeza, kulemba mmene madzi akutsikira, kenako kuzimitsa n'kuona kuti atenga nthawi yaitali bwanji kubwerera pomwe anali. Zotsatira zake ndi zimene zimauza kukula kwa pampu ndi maola opopa patsiku. Anthu ambiri amadumpha pamenepa n'kugula pampu yaikulu, imene imakoka mofulumira kuposa mmene ming'alu ingabweretsere. Madzi amatsika, pampu imayamwa mpweya n'kupsa, dzimbiri n'kutseka ming'alu yomwe ija. Chonsecho nyumba siifuna zambiri. Pampu yaing'ono yotulutsa malita 200 pa ola, ikagwira maola asanu, yadzaza thanki ya malita 1,000. Onani kuti thanki ija yabweranso. Ngakhale wa mjigo amaifuna, ndiye kuyamba ndi thanki sikutaya ndalama.

Chachinayi ndi ukhondo wa madziwo. Kwathu timaweruza ndi maso ndi lilime, koma zoopsa za m'tauni zambiri sizioneka ndipo sizimveka kukoma. Suweji yodontha ndi zimbudzi zokumba zimabweretsa tizilombo ta m'mimba ndi mchere wa nitrate, umene ndi woopsa kwambiri kwa khanda lomwa mkaka wa m'chitini, chifukwa umalepheretsa magazi kunyamula mpweya bwino. Kuwiritsa kumapha tizilombo koma nitrate ndi zitsulo zimatsala, ndipo madzi akaphwera zimachita kuchuluka. Matanki a pansi a pamalo omwetsera mafuta nawonso amadontha. Tengani madzi mupite nawo ku labotale yovomerezeka ndi SANAS, bungwe loyang'anira malabotale, muwauze kuti ayeze motsata SANS 241. Pa muyezo umenewu E. coli, chizindikiro choti m'madzi mwalowa chimbudzi, sayenera kupezeka ngakhale mmodzi mu mamililita 100. Ngati muli kufupi ndi migodi, nenani kuti ayezenso asidi, sulphate, zitsulo ndi uranium. Kuyeza kamodzi sikokwanira, chifukwa paipi ya suweji ikhoza kuphulika chaka chamawa. Kamodzi pachaka, makamaka mvula itagwa kwambiri, ndi nzeru. Zida zoyeretsera mugule mutaona pepala la ku labotale: nyali ya UV imapha tizilombo koma sichotsa zitsulo, sefa wamba amachotsa matope basi, ndipo makina a reverse osmosis, amene amachotsa nitrate, amataya madzi ambiri pogwira ntchito.

Mmene mjigo wamangidwira zimathandizanso. Gawo la pamwamba liyenera kukhala ndi paipi yotchinga ndi simenti yomatira m'mbali, pakamwa pake pakhale potukuka ndi potseka, kuti madzi akuda a pabwalo asatsetserekere m'dzenje. Funsani ngati wokumbayo ali membala wa Borehole Water Association of Southern Africa, ndipo akamaliza akupatseni pepala lonena kuya kwa dzenje, miyala imene anadutsa ndi pamene anapeza madzi.

Mukaphatikiza woyeza malo, kuboola, mapaipi, pampu, thanki, zosefera ndi labotale, ndalama zake ndi maranda masauzande makumimakumi, ndipo sizithera pomwepo. Pampu imadya magetsi ndipo imaima akazima, pokhapokha muike sola. Zosefera zimafuna kusintha. Bilu ya khonsolo siitheratu chifukwa suweji yanu ikupitabe m'mapaipi awo. Ndipo madzi a mjigo asakumane ndi a khonsolo m'paipi imodzi popanda chotchinga chovomerezeka, chifukwa mphamvu ya madzi a khonsolo ikatsika, anu osayeretsedwa aja amakokedwa kulowa mu msewu wonse.

Madzi a pansi ndi a tonse

Pa mvula yonse imene imagwa, gawo laling'ono kwambiri ndi limene limafika pansi pomwe mijigo imatunga. Yambiri imauma ndi dzuwa, imamwedwa ndi mitengo, kapena imathamanga pa phula ndi pa simenti ya m'mabwalo kupita m'ngalande. Ena mwa madzi amene mijigo ya m'tauni imakoka ndi omwe aja odontha m'mapaipi a khonsolo. Ming'alu ya pansi siidziwa mpanda wa munthu. Zili ngati banki mkhonde: thumba ndi limodzi, ndipo mamembala akamangobwereka osabweza, tsiku logawana onse amabwerera chimanjamanja, ngakhale amene sanabwerekeko. Msewu umodzi ukakhala ndi mijigo khumi yothirira kapinga usiku wonse, woyamba kuuma ndi wosaya, kenako onse amayamba kupikisana kuzamitsa. Timitsinje ngati Braamfontein Spruit ndi madambo a Klip amayenda m'chilimwe mwa zina chifukwa cha madzi omwewa otuluka pansi.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mijigo yambiri inakumbidwa osalembetsa, moti oyang'anira madzi amavutika kudziwa kuti akutungidwa ndi ochuluka bwanji. Kulembetsa mjigo, kuikapo mita ndi kuyeza kuya kwa madzi kamodzi pamwezi ndi zimene zingachenjeze dera lonse zinthu zisanafike poipa. Palinso china. Amene ali ndi ndalama akachoka onse pa mpope wa khonsolo, ndalama zokonzera mapaipi zimachepa, ndipo otsala pa mipope youma ndi a ku Alexandra, Diepsloot ndi ife a m'zipinda za lendi.

Achimwene amene mumagwira ntchito m'magadeni, paipi yothirira ili m'manja mwanu, osati mwa abwana. Chikwangwani cha pageti chonena kuti pano timathirira ndi madzi a mjigo sichisandutsa madziwo kukhala osatha. Khonsolo ikaika malire imaletsa kuthirira ndi madzi ake kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, ndipo dzuwa limaumitsa madzi a mjigo chimodzimodzi. Thirirani m'mamawa kapena madzulo, phimbirani dothi ndi masamba ouma, musatsuke bwalo ndi paipi pomwe tsache lilipo. Kapinga wa kikuyu amafiira nyengo yozizira ndipo amaphukanso yekha mvula ikagwa. Mukaona pampu ikulavula mpweya, madzi akubwera ndi matope, kapena thanki ikuchedwa kudzaza kusiyana ndi kale, auzeni abwana mwaulemu tsiku lomwelo kuti mjigo watopa. Ambiri amamva, chifukwa pampu yatsopano ndi yodula.

Zitsime zokumba pamanja, akasupe ndi mitsinje

Izi ndidutsapo msanga. Chitsime chosaya m'dera lothithikana chimatunga madzi omwewo amene adutsa m'zimbudzi za anansi. Jukskei imanyamula suweji kuchokera mkati mwa tauni. Madzi otere ndi othira m'chimbudzi basi, ndipo ana asamasewere nawo. Kolera tikuidziwa: kwathu inapha anthu oposa 1,700 mu 2022 ndi 2023, ndipo mu 2023 momwemo inapha anthu ku Hammanskraal, kumpoto kwa Pretoria.

Kugula ndi kudikira galimoto ya madzi

Galimoto za khonsolo zimabweretsa madzi aulere mipope ikauma, koma sizifika paliponse ndipo mzere wake ndi wautali. Ogulitsa pa magalimoto awo ndi mashopu odzazitsa zigubu amathandiza pa tsiku lovuta, kungoti pa lita iliyonse ndiwo odula kuposa njira zonse. Funsani komwe atunga. Ngati mukukayika, wiritsani, kapena thirani sipuni yaing'ono imodzi ya Jik wopanda fungo lowonjezera mu malita 25, mutakase, mudikire maola osachepera awiri. Madzi abwino amaipiranso m'nyumba, chifukwa cha ndowa yosatseka ndi kapu imene aliyense amamizamo ndi dzanja.

Madzi amene mwasambira kapena kutsukuluzira zovala musawaiwale. Ndowa yake imathira chimbudzi ndi maluwa, bola agwiritsidwe ntchito tsiku lomwelo asanayambe kununkha, ndipo asathiridwe pa ndiwo zodya zosaphika. Otsukira mbale ndi ochapira matewera apite ku suweji.

Ndiye ndani atenge chiti

Wa lendi alibe mphamvu yokumba, koma ali ndi pakamwa. Musanalowe m'nyumba, kapena lero lomwe ngati muli kale, afunseni eni nyumba: kodi bambo, madzi a pampopi pano ndi a khonsolo kapena a mjigo? Ngati ndi a mjigo, anayezedwa liti, ndipo pepala lake tingalione? Mwini nyumba wachilungamo sakwiya ndi funso limeneli. Pepala likasowa, madziwo muzichapira ndi kusamba, akumwa ndi a mkaka wa mwana muzitunga a khonsolo m'zigubu zanu.

Wa nyumba yake ayambe ndi kutseka zodontha. Tsekani mipope yonse, muyang'ane mita: ikamayendabe, ndalama zanu zikulowa m'dothi, ndipo kawirikawiri wolakwa ndi thanki ya kuchimbudzi. Kenako thanki yosungira madzi a khonsolo, kenako ina ya mvula. Mabanja ambiri akafika apa amapeza kuti vuto latha. Mjigo umayenera pamene anthu ndi ambiri, dera limauma kawirikawiri, mwala ndi wololeza, ndipo ndalama zilipo zokwanira kuyeza ndi kusamalira, osati kuboola kokha.

Pomwe mjigo umaoneka phindu lake lenileni ndi pamene wakumbidwira gulu. Mu 2021 bungwe la Gift of the Givers, limene timalidziwanso kwathu, linakumba mijigo pa zipatala za Rahima Moosa ndi Helen Joseph madzi atavuta m'deralo. Sukulu, mpingo, mzikiti kapena mdadada wa mafulati ungachite chimodzimodzi: dzenje limodzi loyezedwa bwino m'malo mwa maenje khumi opikisana, mtengo wa labotale ndi pampu n'kugawana. Kupereka madzi kwa anthu a mabanja ena kuli ndi malamulo ake, choncho khonsolo ndi a unduna wa madzi afunsidwe pachiyambi. Kayendetsedwe kake ife sitichita kuphunzira, tinakaona kumudzi: komiti ya mjigo, msungichuma, chopereka cha pamwezi chogulira zipangizo, ndi munthu mmodzi wosunga kiyi. Kuno muonjezerepo kope lolembamo manambala a pa mita, kuya kwa madzi mwezi uliwonse ndi tsiku limene madzi anapita ku labotale. Madzi akamatsika chaka ndi chaka osabwerera nyengo ya mvula, komiti ichepetse maola opopa, isathamangire kuzamitsa dzenje.

Mjigo ukauma, kapena mukaboola osapeza madzi, musangovindikira ndi lata n'kuikapo mwala. Dzenje lotseguka ndi njira yolunjika yoti mafuta, suweji ndi madzi akuda a pabwalo zitsikire m'ming'alu imene anansi akumwamo. Liyenera kutsekedwa ndi simenti ndi munthu wodziwa ntchitoyo, ndipo mtengo wake mugwirizane ndi wokumba n'kuulemba pa mgwirizano makina asanayambe kulira.